Ndilembemo chiyani m'kope la kudimba?

Mayi wina wa ku Area 25 watifunsa motere: "Ndili ndi kadimba kuseri kwa nyumba, mabedi 6. Ndimalimamo mpiru, repu, tomato ndi anyezi, ndipo chino n'chaka chachitatu. Chaka choyamba tomato anabereka mpaka ndinagawirako aneba. Chaka chachiwiri anachepa. Chaka chino akungofota asanafike pena paliponse. Mwana wanga akuti ndizilemba zimene ndikuchita, mpaka wandigulira kope. Ndayambapo kawiri, koma pakatha masabata awiri ndimasiya chifukwa sindiona phindu la zimene ndikulembazo. Kodi kadimba kakang'ono ngati kanga n'kofunika kope? Ndizilembamo chiyani? Kapena ndingogwiritsa ntchito foni?"

Zikomo kwambiri mayi. Mwanayo mumuthokoze, wakugulirani chida chimene alimi ambiri a m'tauni muno alibe ngakhale ali ndi khasu, kheni ndi sipuleya. Koma tisanafike pa kopelo, ndikufunseni za tomato wanuyo, muyankhe chamumtima. Wa chaka choyamba uja munamuwokera pa bedi liti? Nanga wachiwiri? Unali mwezi wanji, Epulo kapena Ogasiti? Mbewu yake inali ya m'paketi, kapena mbande zogula pamsika, kapena njere zimene munafinya nokha? Pamene amayamba kufota, amayamba ndi masamba a m'munsi, kapena chomera chonse chimangoti lende tsiku limodzi chikadali chobiriwira?

Mafunso amenewa ndimafunsa aliyense wobwera ndi dandaulo ngati lanu. Pa zaka zimene ndakhala ndikuyenda m'madimba ndi alimi, yankho limene ndimamva kawirikawiri ndi lakuti, "Ndikuganiza kuti munali muja mwa Juni, kaya Julayi." Sikuti munthuyo akunama ayi. Mutu umasunga chaka chimene tinakolola zambiri ndi chaka chimene tinalira, koma tsiku, bedi ndi muyeso zimathawa. Tsono vuto la mbewu limabisala momwemo. Ndiye inde, kadimba ka mabedi 6 n'kofunika kope, mwinanso kuposa munda waukulu, pakuti pamalo pochepa mbewu zimabwerera pamodzimodzi msanga, ndipo cholakwa cha chaka chino chimakudikirani m'dothi chaka chamawa.

Chimene mumasiyira pakatha masabata awiri ndikuchidziwa, chifukwa nanenso makope anga oyambirira sanapitirire masamba asanu. Munthu ukayamba umafuna kulemba tsiku lililonse: lero ndathirira, lero ndathiriranso, lero ndapalira pang'ono. Ukabwerera kukawerenga, palibe chimene ukutolapo, ndipo ulesi umakugwira. Kope la kudimba silifuna tsiku lililonse. Limafuna tsiku limene china chake chasintha: mwafesa, mbewu yamera, mwawokera, mwathira manyowa kapena feteleza, mwapopera, mwaona kachilombo koyamba, mvula yagwa, mwathyola, mwazula. Sabata ina mudzalemba kanayi, sabata ina kope lidzagona osatsegulidwa, ndipo palibe cholakwika.

Chachikulu chimene ndikufuna mutengepo pa yankho lonseli ndi ichi. Mukatsegula kope, masamba amakhala awiri, lakumanzere ndi lakumanja. Kumanzere muzilemba chimene mwachita. Kumanja, moyang'anizana ndi mzere womwewo, muzisiya pambalambanda, kuti mudzabwerenso kudzalemba chimene chinatuluka. Makope ambiri amene anthu amandionetsa ndi odzaza ndi zochita, koma alibe zotsatira. Munthu analemba kuti anathira manyowa a nkhuku pa bedi lachiwiri, basi nkhani n'kuthera pomwepo. Kodi mpiruwo unakondwa kapena unapsa? Kope lili chete, mwini wakenso waiwala. Ntchito yolembayo yapita pachabe.

Ndikuonetseni mmene zimaonekera. Kumanzere:

12 Epulo. Nazale. Ndafesa repu, kapaketi kamodzi, mizere 4. Ndaphimba ndi udzu.

Kumanja, zolembedwa masiku osiyanasiyana:

Wamera pa 17, bwino kwambiri. Ndawokera pa 8 Meyi, bedi 3. Kuthyola koyamba 6 Juni. Nsabwe zayamba pakati pa Julayi. Ndazula kumapeto kwa Ogasiti. Mitolo yonse 41.

Ndi mawu ochepa, koma taonani zimene akuuzani. Pamalo panu, m'nyengo yozizira, repu amatenga pafupifupi masabata 8 kuchokera pofesa kufika m'poto. Bedi limodzi limakudyetsani pafupifupi miyezi itatu. Nsabwe muziyamba kuzisuzumira Julayi akangoyamba. Ndipo ngati simukufuna kudzagula ndiwo mu Seputembala, nazale yachiwiri iyenera kufesedwa kumayambiriro kwa Julayi, bedi loyamba likadali biriwiri. Apa m'pamene ambiri timaphonya. Chikumbutsa nkhwangwa n'chisanu, timakumbukira nazale tsiku limene tathyola masamba omaliza.

Mwaona kuti ndalemba "bedi 3". Tsamba loyamba la kope likhale chithunzi cha malo anu, chojambula pamanja, osadandaula kuti mizere yakhota. Ikanipo nyumba, mpanda, mpopi, dzenje la zinyalala, mtengo wa mango kapena wa mapeyala ngati ulipo, ndi mbali imene dzuwa limatulukira. Bedi lililonse mulipatse nambala, ndipo nambalayo muilembenso ndi penti kapena makala pa njerwa yoika kumutu kwa bedilo, kuti mwana kapena mnyamata wokuthandizani akamati "bedi 4" muzinena chinthu chimodzi. Yezaninso mulitali ndi mulifupi mwa bedi lililonse. Ngati tepi palibe, mapazi anu ndi okwanira, bola akhale a munthu mmodzimodziyo.

Chithunzi chimenechi chinandithetsera nkhani imene inandizunguza mutu zaka ziwiri. Kwathu kuli bedi lotsamira mpanda wa njerwa wa mbali ya kumpoto. Chaka chilichonse mu Juni ndi Julayi mpiru wa pamenepo unkangotalika, wowonda, masamba otuwa. Ndinkati dothi latha, n'kumawonjezera manyowa, koma osasintha. Tsiku lina ndikuwerenga masamba a kumanja ndinaona kuti bedi lomwelo mu Novembala ndi Disembala limabereka ngati ena onse. Dothi silingathe mu Juni n'kubwerera mu Novembala. Vuto linali mthunzi. Lilongwe ili pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa equator, choncho m'miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo mpanda wotalika mamita awiri umaponya mthunzi wa pafupifupi mita imodzi ndi theka kummwera kwake, ngakhale dzuwa lili paliwombo. M'malo athu a m'tauni, ozunguliridwa ndi mipanda ya njerwa, izi n'zofala. Panopa bedi limenelo m'nyengo yozizira ndimawunjikapo kompositi, n'kudzalilima dzuwa likabwerera.

Tibwerere kwa tomato wanu, pakuti ndi amene wakubweretsani. Mbewu ikamachita bwino chaka choyamba, n'kuchepa chachiwiri, n'kulephereratu chachitatu, ine ndimayamba kukayikira za pansi. Tomato, mabilinganya, tsabola, mbatatesi ndi fodya ndi banja limodzi, ndipo adani awo ndi amodzi. Mukamabwereza banja limeneli pa bedi lomwelo, adaniwo amachulukana m'dothi chaka ndi chaka. Woyamba ndi tinyongolotsi ta m'mizu, tosaoneka ndi maso, timene timakondanso therere. Chomera chimakhala chopinimbira, masana chimafota ngati sichinamwe, madzulo n'kudzukanso. Mukachizula, mizu imakhala yotupa timfundomfundo ngati mikanda. Musazisokoneze ndi timibulu ta pa mizu ya nyemba kapena mtedza: timeneto n'tabwino, timathothoka mukatikhudza ndi chala, ndipo mkati mwake mumakhala mofiirira. Zotupa za nyongolotsi sizithothoka, ndi muzu womwewo umene watupa.

Wachiwiri ndi matenda ofotetsa a bakiteriya. Amenewa chomera chimafota chonse mwadzidzidzi, masamba akadali obiriwira. Kuwayeza n'kosavuta. Dulani tsinde chapafupi ndi dothi, mulilowetse pang'ono m'tambula yoonekera mkati ya madzi oyera, osagwedeza. Pakapita mphindi zingapo, ngati ndi matendawa, mudzaona tiulusi toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera podulapo. Amakhala m'dothi zaka zambiri, ndipo palibe mankhwala opopera amene angawachotse.

Koma mwina vuto silili pansi. Mwina chaka choyamba munawokera mu Epulo, tomato n'kukula m'nyengo yozizira, pamene chaka chino mwawokera mu Ogasiti ndipo wakumana ndi dzuwa la Seputembala ndi Okutobala. Nthawi imeneyo ndi ya kangaude wofiira. Masamba amachita mbuu, timadonthomadontho totuwa, kenaka amauma ngati awauka. Ikani pepala loyera pansi pa tsamba, mulimenye ndi chala, mudzaona timadontho tofiira tikuyenda. Kutentha komweko kumayoyotsanso maluwa. Palinso kambozi kamene kanafika kuno zaka zaposachedwa, ka Tuta absoluta, kodya mkati mwa tsamba n'kusiya zigamba zoonekera ngati pepala. M'dzinja ndiye mdani wamkulu ndi chiwawu, matenda owaula masamba. Onsewa mlimi amangoti "tomato wafa", koma chithandizo chake n'chosiyana. Wina amafuna kusintha bedi, wina kusintha mwezi, wina mankhwala. Chimene chimawasiyanitsa ndi mizere itatu ya m'kope: linali bedi liti, unali mwezi wanji, zinayamba bwanji.

N'chifukwa chake kumapeto kwa kope ndimapatula tsamba limodzi pa bedi lililonse, pomwe ndimangolemba mbewu zimene zadutsapo motsatana. Ndikafuna kuwokera tomato ndimayang'ana bedi limene banja lake silinapondepo zaka zitatu. Ndi mabedi 6 zimenezi n'zotheka. Pambuyo pa tomato ikanipo anyezi kapena chimanga chachiwisi, kenaka banja la kabichi, repu, mpiru ndi tchainizi, kenaka nyemba. Kasinthasintha ameneyu aliyense amamudziwa pakamwa, koma popanda cholembedwa, chaka chachitatu sungalumbire kuti pabedi paja panali chiyani.

Za mbewu, musataye mapaketi. Matani kapena bayani ndi phini m'kopemo, n'kulemba tsiku ndi kumene munagula. Tomato wa Tengeru 97 ndi wa Rodade si chinthu chimodzi, kabichi wa Copenhagen ndi wa Drumhead sakhwima nthawi imodzi, ndipo patatha chaka mudzafuna kudziwa kuti wokoma uja anali uti. Mbewu yotsala musanaifese muiyese: njere 20 pa kansalu konyowa, pindani, muziwaza madzi, pakatha sabata kapena masiku 10 muwerenge zomera. Makamaka anyezi, njere yake siichedwa kufa, ikangogona chaka imamera mwa apo ndi apo.

Tsopano mvula. Pezani chitini chowongoka, chimene kukamwa ndi pansi n'zofanana, muchikhazike pamtetete, kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uliwonse mvula ikagwa, lowetsani rula, muwerenge mamilimita, mulembe, mutaye madziwo. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Ndiye ngati bedi lanu ndi la mita imodzi mulifupi ndi mamita 5 mulitali, ndipo chitini chaonetsa mamilimita 20, bedilo lamwa malita 100, omwe ndi makheni 10 a malita 10. Ngati chaonetsa 3, ngakhale kunagunda mabingu oopsa, lalandira kheni imodzi ndi theka basi, ndipo mawa muyenera kuthirira.

Nthambi yoona za nyengo imalengeza chaka chilichonse mmene mvula ikuyembekezeka kugwera, ndipo kuli malo oyezera nyengo ku Chitedze ndi ku bwalo la ndege ku Lumbadzi. Muziwamvera. Koma inunso mukudziwa mvula ya mu Lilongwe, imatha kukhuthuka ku Kawale ndi ku Biwi, ku Area 25 fumbi lili kobo. Chitini chanu chimanena za pakhomo panu. Lembani tsiku la chizimalupsa, mvula ija ya mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala imene imanunkhiritsa dothi n'kukopa mtima kuti udzale. Lembaninso tsiku la mvula yeniyeni yodzalira, imene yanyowetsa dothi kuya kwa masentimita 15 kapena kuposa. Mukachita zimenezi zaka zitatu kapena zinayi mudzaona ndi maso anu kutalikirana kwa masiku awiriwa, ndipo simudzawotchanso mbewu m'dothi lotentha. Ng'amba nayonso muziiwerenga masiku. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Chaka chimenecho chinthu chaphindu chimene ndinalemba sichinali kuchepa kwa mvula, chimene aliyense ankachiona, koma kusiyana kwa mabedi ophimbira ndi udzu ndi osaphimbira. Ophimbira ankapirira masiku ambiri asanayambe kufota. Kuyambira pamenepo udzu ndimausonkhanitsa mu Meyi, anthu asanayambe kutentha tchire.

Pambali pa manambalawa, ine ndimakonda kulembanso zizindikiro zimene makolo athu ankawerengera nyengo: tsiku limene mango ayamba maluwa, tsiku limene nyenje zayamba kulira, tsiku limene ngumbi zatuluka koyamba, m'mawa umene chisanu chawaula masamba a maungu kapena nyemba m'malo otsika a kudambo. Agogo athu analibe makope, koma ankakhala pa dothi limodzi moyo wawo wonse, ndipo ankamangirira masiku ku zochitika za m'mudzi: tinadzala litangotha sadaka lakutilakuti, tinakolola mwana wa uje atabadwa. Ife a m'tauni timasamuka, chaka chino Chinsapo, chaka china Area 49, ndipo dothi limene tikulima silinatilere. Kope ndi limene limatithandiza kulidziwa msanga.

Ngati mukuthirira ndi madzi a pampopi, pali chinthu china chimene ndikupemphani muchite kamodzi pamwezi. Musanayambe kuthirira werengani mita ya madzi, mukamaliza muwerengenso, m'nyumba musatseguke mpopi wina. Kusiyana kwake ndi madzi amene dimba lamwa tsiku limenelo. Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000. Kapena ingowerengani makheni. Mudzapeza kuti dimba la mu Okutobala limamwa kwambiri kuposa la mu Juni, ndipo mukayerekeza ndi mitolo imene mwathyola, mutha kuona kuti m'miyezi yotenthayo n'kwanzeru kulima mabedi awiri kapena atatu okha, ena n'kuwaphimba apume. Mpiru nawonso kukatentha umathamangira maluwa. Bonongwe, therere ndi chitambe ndi amene amakondwa ndi dzuwa limenelo.

Feteleza ndi manyowa muzilemba ndi muyeso umene mwagwiritsadi ntchito. "Ndathira CAN" sikokwanira. Lembani kuti kachitsekero kamodzi ka botolo pa phando, kapena dzanja limodzi pa mzere, kapena ndowa ziwiri za manyowa a mbuzi pa bedi. Manyowa a nkhuku muzitchula ngati anali owolerana kapena aawisi, chifukwa aawisi amawotcha mbande. Ngati mumapanga manyowa a Mbeya, aja osakaniza ndi feteleza pang'ono n'kuwamangira m'thumba, lembani tsiku limene mwamanga thumba, kuti masiku 21 odikirawo musamawawerengere m'mutu.

Pali mzere umodzi umene sindifuna muulumphe ngakhale mutatopa bwanji, ndiwo wa mankhwala opopera. Botolo lililonse lovomerezeka limanena masiku amene muyenera kudikira musanathyole. Tsiku limene mwapopera lembani dzina la mankhwala, muyeso, bedi, ndipo pompo werengani masikuwo n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu: BEDI 2 OSATHYOLA MPAKA PA 19. Kabayeninso kamtengo kokhala ndi kansalu kofiira pa bedilo. Ndikunena izi chifukwa wothyola ndiwo pakhomo nthawi zambiri si amene anapopera. Inu mwapita kuntchito kapena kumaliro, mwana wauzidwa kuti aphike, wapita kudimba, waona repu wonenepa, wathyola. Ndinafikapo pakhomo pena pamene banja lonse linadwala m'mimba usiku umodzi, ndipo titafufuza tinapeza kuti bambo anapopera dzulo lake osauza munthu. Anachira onse, koma nkhope ya bamboyo siichoka m'maso mwanga. Za nimu, mthuthu, deliya kapena tsabola wothira sopo, nazonso muzilemba, pamodzi ndi zotsatira zake kumanja, kuti mudziwe chimene chimagwiradi ntchito pa nsabwe za pakhomo panu. Mthuthu ndi wachilengedwe koma ndi poizoni ndithu, umapha nsomba, choncho nawo upatseni masiku ake ndipo masamba muzitsuka bwino. Ngati mumadzalako chimanga chachiwisi, lembani tsiku limene mwaona timawanga toonekera pamasamba ndi ndowe zonga utuchi mumtima mwa chimanga. Ndi mbozi zija zimene zinafika m'dziko muno m'nyengo ya 2016/17, mpaka mu Disembala 2017 boma linalengeza ngozi m'maboma 20. Zimagonja zikadali zing'onozing'ono, ndiye kudziwa sabata imene zimayamba n'kofunika.

Zokolola muzilemba m'miyeso ya pamsika imene mumaidziwa kale: mitolo ya masamba, milu ya tomato, mabeseni, ndowa. Zodya pakhomo ndi zogawira aneba ziwerengedwenso, ngakhale za mfutso. Ndalama muzilemba, koma zisakhale zokha. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenakanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye mtengo wa zaka zitatu zapitazo sunganene zambiri lero, pamene mtolo ndi mtolo chaka chilichonse. Mukapita kumsika, kaya wa kwanuko kaya wa Wakawaka, kamodzi pamwezi lembani mtengo wa mulu wa tomato ndi wa anyezi. Chaka chikatha mudzaona miyezi imene tomato amakwera, makamaka mkati mwa dzinja pamene chiwawu chavuta alimi ambiri, ndi miyezi imene amatayika pamsika. Kuchokera pamenepo mutha kuwerenga chobwerera m'mbuyo n'kudziwa tsiku lofesa.

Za foni ndiyankhe mwachidule. Ndi yabwino pa zithunzi, chifukwa chithunzi chimasunga tsiku chokha, ndipo tsamba lodwala mutha kulitumiza kwa mlangizi pa WhatsApp. Manja akakhala ndi matope mutha kudzijambulira mawu n'kudzalemba madzulo. Koma foni imabedwa, imagwera m'madzi, imadzaza, ndipo zithunzi za kudimba ndi zimene zimayamba kufufutidwa. Komanso foni ndi ya munthu mmodzi, pamene kope aliyense pakhomo atha kulitsegula. Ndiye foni ithandizire, koma nkhokwe ikhale kope. Likhale la chikuto cholimba. Muzilemba ndi pensulo, pakuti inki ikadontheredwa madzi imabalalika. Pensuloyo muimangirire ndi kachingwe, kope mulilowetse m'pepala la shuga, mulipachike pa msomali pomwe mumasunga khasu. Likakhala kuchipinda, m'sutikesi, mudzati ndilemba madzulo, ndipo madzulo kuli nsima, kuli ana, kuli kutopa. Mizere iwiri mutaimirira pabedi pomwepo imaposa tsamba lonse lolemba Lamlungu mongokumbukira. Mukalumpha mwezi wathunthu musayambe kope lina, ndipo musayese kudzaza masiku odutsawo ndi zongoganizira. Lembani tsiku la lero, pitirizani.

Kope losawerengedwa silithandiza, ndiye mulipatse masiku awiri pachaka. Loyamba kumapeto kwa Malichi, mvula ikamatsazika, musanafese za m'nyengo yozizira. Lachiwiri mu Seputembala, musanakonzekere dzinja. Khalani pakhonde ndi tiyi, werengani masamba a kumanja okhaokha, kenaka pa tsamba latsopano lembani zinthu zitatu zimene mudzabwereze ndi zitatu zimene simudzabwerezanso. Zolephera muzilemba mosabisa, ndi zimene zimaphunzitsa kwambiri, ndipo kopelo si la mayeso kuti wina akuchongeni. Ngati mukufuna kuyesa chinthu chatsopano, monga kuphimbira kapena mtundu wina wa manyowa, gawani bedi pakati, mbali imodzi muchite chatsopanocho, ina musiye monga mwa masiku onse, ndipo musinthe chinthu chimodzi chokha. Mukasintha mbewu, manyowa ndi kathiriridwe nthawi imodzi, zikayenda bwino simudziwa chothokoza. Ndikuuzeniretu kuti chaka choyamba kope lidzakubwezerani zochepa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chaka chachiwiri mudzakhala ndi choyerekezera, ndipo chachitatu mudzayamba kudziwiratu zinthu zisanachitike.

Loweruka likubwerali muyambe chonchi. Jambulani mabedi anu 6 n'kuwapatsa manambala. Khalani pansi ndi mwana uja, mukumbutsane zonse zimene mungathe za zaka zitatuzi, bedi ndi bedi, ndipo pomwe mukukayika ikani chizindikiro cha funso. Kenaka tengani khasu, mukumbe tomato mmodzi mwa ofotawo ndi mizu yake yonse, osamuzula ndi manja kuopa kuti mizu ingadukire pansi. Tsukani mizuyo m'beseni, muone ngati ili ndi timfundo. Dulani tsinde, muliike m'tambula ya madzi. Gwedezani tsamba pa pepala loyera. Zimene mupeze mulembe kumanzere pamodzi ndi tsiku ndi nambala ya bedi, chomeracho mukachitenthe, osachiponya pa kompositi. Mukatero munditumizire zimene mwaonazo ndi chithunzi cha mizu, tidzakambirane bedi limene tomato wotsatira apite.